Kuchokera pa mbalamatodya kufika pa ndime 65: mbiri ya kafunsidwe ka munthu womangidwa m'dziko muno



Pali mawu amene timawamva kawirikawiri m'midzi mwathu muno mbuzi ikasowa m'khola kapena njinga ikabedwa pamsika. Munthu akangogwidwa, gulu limafuula kuti, "Mupititseni kupolisi akamufinye, akaulula!" Ndipo akabwerako asanamenyedwe timayamba kudandaula, ati apolisi a masiku ano ndi ofooka, kapena adyapo kenakake. Lero ndafuna tikambirane mbiri ya kufinya kumeneku: kunachokera kuti, kunapweteka ndani, ndipo zinatheka bwanji kuti malamulo aakulu a dziko la Mozambique afike ponena kuti mawu otuluka chifukwa cha ndodo si umboni. Ine sindine loya ayi. Ndine mnzanu wokonda kucheza ndi akuluakulu ndi kuwerenga zakale, ndipo ndaona kuti ambiri mwa ife timalidziwa lamuloli tsiku limene mwana wathu wagona kale m'chitokosi.

Pabwalo la mfumu

Atsamunda asanakhazikike, mlandu unkakambidwa pabwalo, masana, anthu onse akuona. Mfumu inkakhala ndi nduna zake, ndipo woimbidwa mlandu sankaima yekha. Ankabwera ndi atsibweni ake, mwini mbumba, amene ankamulankhulira ndi kufunsa mafunso mboni za mbali inayo. Zimenezi zinali zabwino ndithu, ndipo muona kutsogoloku kuti lamulo la lero labwerera ku nzeru yomweyo, yoti munthu asafunsidwe kumbali ali yekhayekha.

Koma tisadzinamize kuti kale zonse zinali bwino. Pa milandu yovuta, makamaka ya ufiti, makolo athu ankamwetsa mwabvi. Wosanza ankati alibe mlandu, wofa ankati ndiye mfitiyo. Anthu osalakwa ambiri anapita nawo mwabvi umenewu. Maganizo oti choonadi chimabisala m'thupi mwa munthu, ndipo chingatuluke pokhapokha thupilo litapwetekedwa, sanabwere ndi azungu okha. Analipo kale pakati pathu. Chimene atsamunda anachita ndi kuwapatsa ofesi, yunifomu ndi malipiro.

Nthawi ya asipayi

Mu ulamuliro wa Apwitikizi anthu anagawidwa pawiri. Kunali nzika, zimene zinali azungu ndi anthu akuda ochepa otchedwa assimilado, ndiye kunali unyinji wa ife, otchedwa indígena. Mlandu wa indígena kumidzi sunkapita kwa woweruza wophunzira malamulo. Unkathera m'manja mwa administrador kapena chefe de posto. Munthu mmodzi yemweyo ndiye ankatuma asipayi kukagwira, yemweyo ankafunsa, yemweyo ankagamula, yemweyonso ankalamula chilango. Wofunsidwayo sankamva Chipwitikizi, tsono mawu ake ankadutsira mwa womasulira amene ankalipidwa ndi bwana yemweyo. Tangoganizani, munthu akadandaula kwa ndani?

Chida chodziwika cha nthawi imeneyo chinali palmatória, chija makolo athu ankachitcha mbalamatodya. Linali thabwa lolimba lokhala ndi chogwirira, kumutu kwake kozungulira ndiponso koboolaboola, ndipo ankamenyera m'manja. Akuluakulu amene ndacheza nawo amati munthu akabwera kuchokera ku posto ankadyetsedwa nsima ngati khanda, chifukwa manja anali atatupa osagwira kanthu. Ankamenyedwa munthu wolephera msonkho, wothawa chibalo, wosakwanitsa munda wa thonje, ndiponso wokana kuulula kumene mbale wake wabisala. N'chifukwa chake mabanja ambiri a kuno anawolokera ku Nyasaland ndi ku Rhodesia.

Chodabwitsa n'chakuti buku la Apwitikizi la kayendetsedwe ka milandu, lolembedwa mu 1929 ndi kufikitsidwa m'maiko amene ankawalamulira mu 1931, linali ndi ndime yabwino. Ndime 174 inkanena kuti kuvomera kwa woimbidwa mlandu, popanda umboni wina wochirikiza, sikukwanira kukhazikitsa mlandu. Akatswiri awo ankadziwa bwino kuti munthu akhoza kuvomera chimene sanachite. Koma ndime imeneyi inkatetezera amene mlandu wake wafika kukhoti lenileni. Agogo athu ku posto sanaimvepo n'komwe. Lamulo la indigenato linathetsedwa mu 1961, koma chizolowezi cha ndodo sichinathe nalo limodzi.

PIDE ndi ndende ya Machava

Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, kufunsa anthu kunagwera kwambiri m'manja mwa apolisi achinsinsi a PIDE, amene mu 1969 anasintha dzina kukhala DGS. Iwowa lamulo linkawalola kusunga munthu mpaka miyezi isanu ndi umodzi osamufikitsa kwa woweruza. Njira zawo zinali kumenya, kumana munthu tulo kwa masiku angapo, ndiponso kumuimika malo amodzi osasuntha mpaka miyendo itatupa, chilango chimene ankachitcha estátua. Ndende ya Machava kufupi ndi Lourenço Marques, linga la pachilumba cha Ibo ndi msasa wa Mabalane ndi malo amene anthu ambiri anazunzikirako. Wojambula zithunzi Malangatana ndi mlakatuli José Craveirinha anamangidwapo ndi PIDE m'zaka za m'ma 1960.

Mu Juni 1972 anagwira atsogoleri a mpingo wa Presbyterian, mmodzi mwa iwo mbusa Zedequias Manganhela, mkulu wa mpingowo. Anamufunsa kwa miyezi yambiri ku Machava. Mu Disembala chaka chomwecho anapezeka atafa m'chipinda chake, ndipo boma linati wadzipha yekha. Panalibe loya, panalibe mbale, panalibe woweruza amene anaona zimene zinkachitika m'chipindamo. Mboni zokha zinali omufunsawo.

Mwezi womwewo, pa 16 Disembala 1972, kuno ku Tete kunachitika za ku Wiriyamu. Asilikali a Chipwitikizi pamodzi ndi akazitape a DGS anasonkhanitsa anthu a m'midzi ya Wiriyamu, Chawola, Juwau ndi ina yoyandikana nayo, n'kumawafunsa kumene ankhondo a Frelimo abisala. Kufunsako kunasanduka kupha, ndipo anthu pafupifupi 400 anafa, ana ndi amayi omwe. Nkhaniyi inamveka kunja mu Julayi 1973 pamene wansembe Adrian Hastings anailemba m'nyuzipepala ya The Times ku London. Mu 2022, patapita zaka pafupifupi 50, António Costa, amene anali nduna yaikulu ya Portugal, anapepesa za Wiriyamu. Apa ndi pamene kufinya kumafika ngati palibe wokuletsa.

Ufulu unabwera, ndodo inatsala

Pa 25 Juni 1975 tinalandira ufulu. Anthu amene anatuluka ku Machava ankaganiza kuti zomenyana m'maofesi zatha. Koma chaka chomwecho boma linakhazikitsa SNASP, nthambi ya chitetezo imene inali ndi mphamvu zogwira munthu ndi kumutumiza ku misasa yophunzitsanso anthu khalidwe popanda kuzengedwa mlandu. Msasa wa M'telela ku Niassa ambiri amaukumbukira mpaka lero. Mu 1975 momwemo ntchito ya maloya odziimira paokha inaletsedwa, ndipo mu 1979 kunabwera khoti lapadera la asilikali lokhala ndi mphamvu zogamula kuti munthu aphedwe.

Madandaulo a anthu anachuluka mpaka Pulezidenti Samora Machel mwini wake anayankhulapo. Pa 5 Novembala 1981, pamsonkhano waukulu ku Maputo, anadzudzula poyera apolisi, asilikali, a milisiya ndi a SNASP amene ankamenya anthu, kuwazunza ndi kuwamanga popanda chifukwa. Anayambitsa ntchito yotchedwa Ofensiva da Legalidade, yofuna kuti onyamula mfuti azitsata lamulo. Koma pasanathe zaka ziwiri, mu 1983, boma lomwelo linakhazikitsa lamulo lokwapula anthu ndi chamboko pagulu. Lamuloli linathetsedwa mu 1989. Phunziro lake ndi lakuti mawu a mtsogoleri, ngakhale akhale amphamvu chotani, sateteza munthu ngati palibe woweruza woima payekha amene angauze wapolisi kuti apa walakwa.

Za nkhondo ya zaka 16 sindikufunika kukuuzani zambiri, paja ambiri a inu munaziona ndi maso. Munthu wa kumudzi ankafunsidwa ndi mbali zonse ziwiri. Masana ankafunsidwa kuti a Renamo ali kuti, usiku ankafunsidwa kuti ndani akudyetsa asilikali a boma. Amene ankamenyedwa kwambiri ankatchula dzina lililonse limene labwera m'mutu kuti apume, ndipo mwini dzinalo ankatengedwa mawa lake. Mabanja ena mpaka lero sapatsana moto chifukwa cha maina otchulidwa nthawi imeneyo. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ngati pali anthu pa dziko lapansi oyenera kudziwa kuti ndodo imatulutsa mawu koma siitulutsa choonadi, anthuwo ndi ife.

Malamulo a 1990 ndi chitokosi cha ku Montepuez

Kusintha kunayamba ndi malamulo aakulu a mu 1990. Kwa nthawi yoyamba analemba momveka kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala ndi moyo, kuti sidzazunzidwa kapena kuchitidwa nkhanza, ndiponso kuti chilango chakupha chatha. Mu 1991 SNASP inathetsedwa. Mu 1992, chaka chimene mtendere unasainidwa ku Roma, kunabadwa Polícia da República de Moçambique, PRM imene tikuidziwa lero. Mu 1994 kunakhazikitsidwa bungwe la maloya komanso IPAJ, nthambi ya boma yoimira pa milandu anthu osowa ndalama. Mu 1995 mayi Alice Mabota ndi anzawo anayambitsa Liga dos Direitos Humanos, imene inayamba kulowa m'zitokosi ndi kuulula zimene yapezamo. Mu 1999 dziko lino linalowa m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu.

Zolembedwa zinasintha msanga kuposa zochitika. Mu Novembala 2000, pambuyo pa zionetsero za otsatira Renamo, apolisi ku Montepuez, m'chigawo cha Cabo Delgado, anapanikiza anthu ochuluka m'kachipinda kamodzi kakang'ono. Usiku umodzi anthu oposa 80 anafa chifukwa chosowa mpweya. Anthu amenewa anali asanagamulidwe kuti ndi olakwa. Anali ongoganiziridwa chabe, akudikira kufunsidwa. Imfa zimenezi zinaonetsa dziko lonse kuti masiku oopsa kwambiri kwa womangidwa ndi oyambirira aja, asanaonekere kwa woweruza, abale ake asanadziwe kumene ali.

Ndime 65 ndi zinzake

Malamulo aakulu amene tikugwiritsa ntchito tsopano anavomerezedwa mu 2004. Ndime zokhudza nkhani yathuyi ndi zochepa, ndipo kalabu iliyonse ikhoza kuzisunga pamtima. Ndime 40 ikuletsa kuzunza munthu. Ndime 59 ikuti woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa mpaka khoti litagamula komaliza. Ndime 62 ikuti ali ndi ufulu wosankha womuimira, ndipo ngati alibe ndalama boma limupezere. Ndime 63 ikuti loya ali ndi ufulu wolankhula ndi munthu wake paokha, ngakhale atatsekeredwa m'manja mwa apolisi kapena asilikali. Ndime 64 ikuti womangidwa auzidwe nthawi yomweyo, m'njira yoti amve, chifukwa chimene wamangidwira ndi ufulu umene ali nawo, ndiponso kuti woweruza yekha ndiye angavomereze kuti apitirize kusungidwa. Ikutinso chigamulo chosunga munthu chidziwitsidwe kwa mbale kapena munthu wina amene womangidwayo wamutchula. Ndime 66 ikupereka habeas corpus, pempho lopita kukhoti loti womangidwa mosatsata lamulo atulutsidwe, ndipo khoti liyankhe pasanathe masiku asanu ndi atatu.

Mtima wa zonsezi ndi ndime 65. Ikunena kuti umboni uliwonse wopezeka pozunza munthu, pomukakamiza, kapena pomupweteka m'thupi ndi mumtima, ndi wopanda ntchito. Mwamva? Siikungoti kumenya n'koipa ayi. Ikuti chimene chatuluka pomenyapo khoti lichitaye. Nzeru yake ndi yakuti wapolisi akadziwa kuti pepala losainidwa ndi munthu wotupa nkhope silimuthandiza kupambana mlandu, chifukwa chomenyera chimachepa.

Panatsalabe khomo lina lotseguka. Buku lakale lija la 1929 linali likugwirabe ntchito, ndipo linkalola akuluakulu a polisi, oimira boma pa milandu ngakhalenso akuluakulu ena a boma kulamula kuti munthu amangidwe. Mu 2012 bungwe la Amnesty International pamodzi ndi Liga anatulutsa lipoti loonetsa anthu okhala m'ndende miyezi ndi zaka popanda mlandu wawo kuzengedwa. A Liga anasonkhanitsa masaini a nzika 2,000 n'kukadandaula ku Conselho Constitucional. Mu Seputembala 2013 khoti limeneli linagamula kuti, kupatula munthu wogwidwa ali mkati mochita cholakwa, woweruza yekha ndiye angalamule kuti munthu amangidwe podikira mlandu. Onani kuti chigamulo chimenechi sichinagwe kuchokera kumwamba. Anachipempha ndi anthu wamba olemba maina awo papepala.

Mu 2017 nthambi yofufuza milandu ya PIC inalowedwa m'malo ndi SERNIC. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inavomereza buku latsopano la kayendetsedwe ka milandu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Buku la atsamunda linapuma patapita zaka 45 chilandirire ufulu.

Zimene wofunsa angachite ndi zimene sangachite

Tsono lero lamulo likuti chiyani munthu akakhala pampando uja? Wapolisi ali ndi mphamvu zokugwirani ngati wakupezani mukuchita cholakwa kapena ngati ali ndi chikalata cha woweruza. Ali ndi mphamvu zokufunsani mafunso, kufunsa mboni, kuyang'ana malo amene pachitikira mlandu, ndi kukuonetsani umboni umene wapeza. Dzina lanu, la makolo anu, kumene munabadwira ndi kumene mumakhala muyenera kuyankha zoona. Kulimbana naye kapena kuthawa n'kudziwonjezera mlandu wina.

Koma za mlandu weniweniwo muli ndi ufulu wosayankha. Mukhoza kunena mwaulemu kuti, "Bwana, ndilankhula pamaso pa woweruza, wondiimira ali pomwepo." Lamulo likuti munthu wogwidwa afikitsidwe kwa woweruza pasanathe maola 48, ndipo pa kufunsidwa koyamba kumeneko pakhale womuimira. Ngati simumva Chipwitikizi, pakhale womasulira. Ichi ndi chachikulu kwa ife kuno, chifukwa ambiri amadinda chala papepala limene sanalimve, kenaka kukhoti amadzidzimuka kumva kuti anavomera kuba ng'ombe.

Wofunsa saloledwa kumenya kapena kuzunza mwa njira ina iliyonse. Saloledwa kukumwetsani mankhwala osokoneza mutu. Saloledwa kukuopsezani ndi zimene lamulo silimulola kuchita, monga kunena kuti akamanga amayi anu mukapanda kuvomera. Saloledwa kukulonjezani zimene lamulo silipereka, monga kuti mukasaina basi mupita kwanu lero lomwe. Ngakhale njira zachinyengo zili m'gulu la zoletsedwa. Ndalama ya belo, imene timati kausau, amagamula ndi woweruza ndipo imakhala ndi lisiti. Siiperekedwa m'manja mwa munthu kuseri kwa esikwadra.

Anzathu a polisi ya m'mudzi ndi mafumu nawonso amve bwino apa. Munthu aliyense akhoza kugwira wakuba amene wamupeza akuba, koma ntchito yake ndi kumupereka kwa apolisi msanga. Kumumangirira pamtengo usiku wonse kuti atchule anzake ndi mlandu paokha. Makhoti a m'midzi, amene anakhazikitsidwa mu 1992, amathetsa mikangano ing'onoing'ono ndipo alibe mphamvu zotsekera munthu m'ndende.

Zija timaona m'mafilimu

Achinyamata amene amakonda kuonera mafilimu a ku America amandifunsa kuti, nanga mawu aja wapolisi amanena pomanga munthu, omuuza kuti ali ndi ufulu wokhala chete, anachokera kuti? Ali ndi mbiri yawo. Mu 1963 apolisi a mumzinda wa Phoenix anagwira munthu wina dzina lake Ernesto Miranda, ndipo atamufunsa kwa maola awiri anasaina kuvomera. Mu 1966 khoti lalikulu la dzikolo linati kuvomerako sikungagwiritsidwe ntchito, chifukwa sanauzidwe kuti akhoza kukhala chete ndi kupempha loya. Chofunika kudziwa n'chakuti Miranda sanapulumuke. Anazengedwanso mu 1967 ndi umboni wina, n'kupezeka wolakwa. Lamulo lotere silimasula mbava. Limangofuna kuti mbava igwidwe ndi umboni weniweni.

Komabe tisaganize kuti kumeneko zonse zili bwino. Mu 1969 khoti lomwelo linalola kuvomera kumene kunabwera wapolisi atanamiza munthu kuti mnzake waulula kale. Ndipo mu 1989 anyamata asanu a ku New York anavomera kuti anatengako mbali pa kuchitira nkhanza mayi wina amene anagwiriridwa ku Central Park atafunsidwa kwa maola ambiri. Anakhala m'ndende zaka, kenaka mu 2002 wolakwa weniweni anadziulula ndipo kuyeza kwa DNA kunatsimikiza. Anyamatawo atagwidwa, wolakwa uja anapitiriza kuvulaza anthu ena kwa miyezi ingapo asanagwidwe pa milandu ina.

Kwa inu amene mumadumpha malire kukagulitsa mbatata ndi nyemba ku Dedza kapena ku Lizulu, dziwani kuti malamulo aakulu a Malawi a mu 1994, mu gawo 42, nawonso akupereka ufulu wokhala chete, wouzidwa chifukwa chomangidwira m'chiyankhulo chimene mukumva, ndi wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48.

Ntchito yatsala ndi yathu

Ndinganame kunena kuti ndime 65 yathetsa kumenya. Mabungwe oona za ufulu wa anthu akulandirabe madandaulo, ndipo pa zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024 anthu zikwizikwi anamangidwa. Ndinganamenso kunena kuti apolisi onse ndi ankhanza. Ndi ana athu omwe, ndipo ambiri amagwira ntchito movutikira, galimoto palibe, woweruza ali kutali, ife eni katundu tili pakhomo kufuula kuti mumufinye. Wapolisi wofufuza modekha amafunika mboni, koma ife tomwe timakana kukaikira umboni poopa kudana ndi anansi. Tikatero tamusiyira chida chimodzi chokha, chomwe chija cha asipayi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamenya mnyamata wosalakwa mpaka avomere, mwini mbuzi amagona mtima uli m'malo, pamene wakuba weniweni akusuzumira khola lina.

Ndiye mbale wanu akagwidwa chitani izi. Lembani tsiku ndi ola limene wagwidwa ndi kumene amutengera, chifukwa maola 48 amafunika wowawerenga. Pitani msanga ku ofesi ya IPAJ ya m'boma lanu. Masiku akadutsa asanaonekere kwa woweruza, kadandauleni kwa procurador, popeza kuona ngati anthu akusungidwa motsata lamulo ndi ntchito yake. Ngati wamenyedwa, anene kwa woweruza tsiku loyamba lomwelo ndipo apemphe kukapimidwa kuchipatala zilonda zisanapole. Kulinso Comissão Nacional dos Direitos Humanos ndi Provedor de Justiça amene amalandira madandaulo. Ndime 58 ikuti boma liyenera kulipira munthu amene wapwetekedwa ndi zochita zosatsata lamulo za antchito ake. Pitani awiri kapena atatu, mwaulemu, osatukwana, koma osatopa.

Ndikupempha makalabu onse kuti pa msonkhano wa mwezi uno muwerengere limodzi tsamba lino, ndipo amene amatha kuwerenga awerengere anzawo mokweza. Itanani akuluakulu amene anaona mbalamatodya ndi chamboko afotokozere achinyamata ndi pakamwa pawo. Ngati n'kotheka itananinso wapolisi ndi wa IPAJ adzayankhe mafunso anu pamaso pa onse, ndipo zimene mwakambirana mutumize ku wailesi kuti makalabu ena amve. Nkhanga zinapangana kusanapse, anzanga. Mwana wanu aphunzire lero kunena kuti akufuna womuimira ndi womasulira, asadzaphunzire ali kale m'chitokosi.